Munthu wa pachitseko cha helikopita: nkhani ya Kopolo ndi kalata yathu

Lipoti ili ndalemba mwini nkhani atandipempha, ndipo waliwerenga lonse asanavomere kuti ena alione. Dzina lake, gulu limene anali, tsiku limene anavulala ndi dziko la anthu a m'helikopita imene inamunyamula, zonsezi ndazisiya dala. Ndizimutchula kuti Kopolo, monga timamuitanira mpaka lero ngakhale yunifolomu anavula kalekale. Ine ndinagwira ntchito ya medic pakati pa asilikali kwa zaka zambiri, ndinapitako kukasungitsa mtendere kum'mawa kwa DRC, ndipo pano ndinapuma, ndimakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu. Tsiku limene anawomberedwa ndinali naye, magazi ake anauma m'zikhadabo zanga, choncho zambiri zimene zili pano ndinaziona ndi maso. Zimene ndinachita kumva ndizinena kuti n'zakumva.

Kopolo anafika kwathu m'mawa wina wa mwezi wa June, nkhungu ikadali pamadenga. Anatsika pa kabaza pang'onopang'ono, kutsogoza mwendo wabwino, monga amachitira kukazizira. Ine ndinaganiza kuti wabwera ndi za chipsera, chifukwa nyengo imeneyi chimamuluma. Koma titakhala pakhonde, tiyi asanafike n'komwe, anasolola envulopu yakhaki m'jekete. Munali pepala lotulukira m'chipatala, lopindidwapindidwa mpaka zilembo zina zinafufutika, ndi tsamba la m'kope limene anayamba kulembapo n'kulekezera pa mzere wachitatu.

"A Sajeni, mundithandize kulemba. Ndikufuna anthu aja adziwike."

Ndinafunsa kuti anthu ake ati.

"A m'ndege aja. Makamaka uja wa pachitseko."

Tsiku la kuvulala

Tinali paulendo wapansi m'nkhalango, kutali ndi msasa. Amene sanafikeko asayerekeze ndi Chikangawa, kumene mitengo inabzalidwa m'mizere ndipo munthu umaona patsogolo. Kumeneko mitengo imakumana m'mwamba, pansi ndi matope ndi zilambe, mnzako akangopita mamita 10 wakusowa. Zigawenga zinatibisalira chakumasana. Phokoso loyamba litachepa tinali ndi ovulala atatu. Awiri ankatha kuyenda okha. Wachitatu anali Kopolo.

Chipolopolo chinalowera kutsogolo kwa ntchafu yamanzere, chinathyola fupa n'kutulukira kumbuyo. Magazi anali ofiira kwambiri ndipo ankatumphuka motsatira kugunda kwa mtima, chizindikiro chakuti mtsempha waukulu wang'ambika. Bala lotere limatha kupha munthu m'mphindi zochepa chabe. Woyamba kufika pa iye si ine ayi. Anali mnyamata wa m'sekishoni mwake, amene anakwawa pamimba n'kumumanga tourniquet, lamba uja timamanga pamwamba pa bala n'kumupotokola ndi kandodo. Pamene ndinkafika magazi anali akutulukabe, ndiye ndinamanga wachiwiri pamwamba pa woyambayo, n'kupotokola mpaka kugunda kwa mtsempha wa kuphazi kunasiya. Anakuwa kwambiri, ndipo kukuwako kunandilimbitsa mtima, chifukwa munthu wokuwa ndiye kuti akupuma. Nthawi ndinailemba pamphumi pake ndi peni yosafufutika. Bala ndinalitseka ndi nsalu zake za m'chikwama changa, mwendo wothyokawo ndinaumangirira ku unzake, ndinamuika diripi ndi kumupatsa tranexamic acid, mankhwala othandiza magazi kuundana amene amafunika kuperekedwa maola 3 asanathe. Madzi a diripi ndinathira ochepa mwadala. Ukathira ambiri umasungunula magazi otsalawo ndi kukankha amene ayamba kugwira pabala. Kenako tinamufunditsa, ngakhale tonse tinali thukuta kamukamu, chifukwa wotaya magazi amazizidwa msanga, ndipo magazi ozizira saundana.

Apa m'pamene nzeru za medic zimathera. Muyezo wa UN pa ovulala timautchula kuti 10-1-2: thandizo loyamba m'mphindi 10, thandizo la akatswiri ola limodzi lisanathe, opaleshoni maola 2 asanathe. Tourniquet nayenso akapitirira maola 2, mnofu wa kumunsi umayamba kufa ndipo mwendo umakhala pachiswe. Kumunyamula pamachira mpaka kumsewu kukanatitengera masana onse ndi usiku womwe. Popanda helikopita, Kopolo akanafera pamapewa athu, kapena akanafika wamoyo koma mwendo n'kudulidwa.

Pempho la helikopita limapita pa wailesi m'mizere 9: malo, chizindikiro choitanirana, chiwerengero cha ovulala ndi kuopsa kwake, zida zofunika, ogona pamachira ndi oyenda okha, ndi zina. Mzere umene umayesa mtima wa mtsogoleri ndi wonena za chitetezo cha malo oterera. Aliyense amadziwa kuti ukanena kuti adani akadali pafupi, ndege ikhoza kusabwera. Pamakhala chiyeso chachikulu choti ungonena kuti kuli bata, mnyamata wako apulumuke. Mtsogoleri wathu ananena zoona, kuti zigawenga sizinapite patali. Ndimamulemekeza pa chimenechi mpaka lero, ndipo n'chofunika pa nkhani yonseyi: anthu a m'helikopita ananyamuka akudziwa kumene akupita. Palibe anawanamiza.

Malo okhawo otseguka anali munda wakale wa chinangwa, wosiyidwa, wotsetsereka, wozunguliridwa ndi mitengo italiitali. Anyamata anagwetsa timitengo ndi zikwanje ena akulondera m'mbali. Titamva kulira kwa injini tinaponya bomba la utsi.

Anthu ambiri amaganiza kuti helikopita imatera paliponse mosavuta. Si choncho. Pamalo otambalala imabwera chotsetsereka, ili ndi liwiro, ndipo ikaona zovuta imangopitirira. Pamalo ngati amenewa imayenera kuima m'mwamba kaye n'kutsika chowongoka, ngati ndowa yolowa m'chitsime. Kuima m'mwamba kumadya mphamvu zambiri za injini, ndipo kukatentha mpweya umapepuka, mapiko sagwira bwino. Nthawi yonseyo ndegeyo imakhala chinthu chachikulu, choyera, chaphokoso, choyenda pang'onopang'ono, chodzaza mafuta, khungu lake lopyapyala ngati lata. Ngakhale munthu wosadziwa kulunjika mfuti akhoza kuilasa.

Itangofika pamwamba pa mitengo, mfuti zinalira kuchokera kumunsi kwa munda. Tinaiona ikupendekeka n'kuchoka, phokoso lake likuzimirira. Mnyamata amene anagwira botolo la diripi anandiyang'ana osanena kanthu. Ine ndinali nditayamba kale kuwerengera kuti tourniquet ndimusiya maola angati.

Patapita mphindi zingapo inabwereranso, ulendo uno kuchokera mbali ina, ikuuluka chapansi kwambiri moti tinaimva isanaoneke. Inatsika m'dzenje lija la mitengo, masamba ndi mapesi zikuuluka ngati kamvuluvulu. Chifukwa cha kutsetsereka, siinakhazikike yonse pansi. Woyendetsa anagunditsa matayala a mbali imodzi n'kuigwira choncho ndi mphamvu ya injini. Ovulala awiri oyenda okha anathamanga n'kukwera. Ife a machira tinali pakati pa mtunda pamene mfuti zinayambiranso, ndipo onyamula awiri akutsogolo anadzigwetsa pansi. Sindiwaimba mlandu. Ndi zimene tinaphunzitsidwa, ndipo thupi limachita lokha. Koma machira anaima, Kopolo ali pamtetete, ndege ikudikira.

Pamenepo munthu wa pachitseko anamasula lamba amene amamumangirira m'ndege, analumpha, nathamanga chowerama kubwera kwa ife. Anagwira zogwirira zonse ziwiri zakutsogolo yekha n'kukoka. Ife akumbuyo tinangopezeka tikuthamanga. Nkhope yake sindinaione. Anavala chisoti chokhala ndi galasi lakuda, m'manja magolovesi. Titakweza machira ndinamukuwira m'khutu zinthu zinayi zimene timapatsirana nazo wodwala: chimene chamuvulaza, bala lake, mmene alili, ndi chimene ndamuchita. Anayang'ana pamphumi pa Kopolo, anaona nthawi ija, anakweza chala chachikulu. Ndegeyo inanyamuka. Sindikhulupirira kuti inakhala pansi mphindi 2 zathunthu.

Ine ndinatsala pansi ndi gulu, choncho za m'ndege ndi zakumva kwa Kopolo. Akuti amakumbukira fungo la mafuta, mphepo yozizira yolowera pachitseko, ndi kuwala kumene kunkalowera m'timabowo ta m'mbali mwa ndege, timene panthawiyo sanazindikire kuti n'ta zipolopolo. Panali wachipatala amene ankamusamalira, koma munthu wa pachitseko uja anagwada m'magazi pambali pake, nagwira dzanja lake, ndipo akati atseke maso ankamumenya patsaya. Golovesi yake inali itang'ambika, ndipo pamkono panali kachibangili ka mikanda yofiira ndi yoyera. Kopolo akuti anaika maso pa mikandayo ulendo wonse, akuiwerenga kuti asagone. Chimene amadziwa cha munthu amene anamukoka pamtetete ndi chokhacho.

Anachitidwa opaleshoni tsiku lomwelo. Mtsempha anaulumikiza, fupa analigwiriziza ndi zitsulo zakunja, ndipo mwendo unapulumuka, ngakhale unafupika pang'ono. Masiku ano wosoka nsapato wina wa mumsika wa Zigwagwa amamuwonjezera chidendene cha nsapato yamanzere, ndipo amayenda popanda ndodo.

Kodi kunali kulimba mtima kapena ntchito chabe?

Funso ili ndinamufunsa Kopolo mwadala tisanalembe chilichonse, chifukwa ndi limene aliyense wowerenga kalata yotere amayamba nalo. Msilikali salandira mendulo chifukwa chofika pantchito. Anakwiya pang'ono, koma tinakhala pansi n'kuisanthula nkhaniyo, ndipo ine ndimaona malo atatu pamene anthu amenewa akanatha kubwerera popanda wowadzudzula.

Poyamba ndi pa kubweranso. Woyendetsa ndege ndiye ali ndi mawu omaliza pa chitetezo cha ndege yake ndi anthu ake. Atawomberedwa ulendo woyamba anali ndi chifukwa chokwanira chobwerera kumsasa n'kudikira kuti malo atetezedwe. Akanatero, lipoti lake likanakhala loyera. Pachiwiri ndi pa kuigwira ndege pamalo otsetsereka mfuti zikulira, pamene kugwedezeka pang'ono kwa dzanja kukanagunditsa mapiko pansi kapena pamtengo n'kupha onse, ife a machira omwe. Pachitatu ndi pa munthu wa pachitseko. Ntchito yake ndi kukhala maso a woyendetsa kumbuyo ndi pansi, kumuuza kuti mchira watsala pang'ono kukhudza nthambi, kukweza anthu ndi katundu, ndi kuyang'anira injini. Kumasula lamba n'kuthamangira kumene zipolopolo zikugwa palibe anamutuma. Komanso anadziwa kuti ndege ikalasidwa poipa, woyendetsa akhoza kukakamizika kunyamuka iye ali pansi.

Kuopsa kumeneku si kongoyerekeza. Pa 29 March 2022 helikopita ya Puma ya UN inagwa m'dera la Rutshuru, kumene kunali nkhondo ndi zigawenga za M23, ndipo anthu 8 anafa: 6 a ku Pakistan, mmodzi wa ku Russia ndi mmodzi wa ku Serbia. Pa 5 February 2023 helikopita ya Oryx ya ku South Africa inawomberedwa ikuchokera ku Beni kupita ku Goma. Woyendetsa anavulala, ndegeyo inakatera ku Goma, koma injiniya wa m'ndegemo, Sajeni Vusi Mabena, anafa. Nkhani imeneyi nditaimva ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ntchito ya Mabena ndi yofanana ndi ya munthu wathu uja.

Mwambo wa anthu a ntchito imeneyi ndi wakale. Pankhondo ya ku Vietnam, helikopita zonyamula ovulala za America zinkatchedwa Dustoff, ndipo mtsogoleri wawo wina, Major Charles Kelly, anaphedwa pa 1 July 1964. Asilikali apansi anamuuza pa wailesi kuti achoke chifukwa malowo ndi oopsa, iye anayankha kuti achoka akanyamula ovulala awo, ndipo chipolopolo chinamupeza pomwepo. Sindinena kuti woyendetsa aliyense azichita ngati Kelly. Ndege ikagwa, ovulala amawonjezeka m'malo mochepa, ndipo ndinaonapo oyendetsa abwino akukana kutera pa zifukwa zomveka. N'chifukwa chake amene wayeza zonsezo n'kubwerabe, nachita bwino, wachita choposa ntchito yake.

Mmene mendulo imayendera

Anthu akunja amaona mamendulo pachifuwa cha msilikali n'kumaganiza kuti onse ndi a chamuna. Ambiri ndi a utumiki. Mendulo ya UN, mwachitsanzo, amalandira aliyense amene wakwanitsa masiku 90 pantchito yosungitsa mtendere. Palinso mendulo ya Dag Hammarskjöld, yopita kwa abale a amene afera pantchitoyo. Mendulo ya kulimba mtima ndi ina. Imeneyi siibwera yokha. Pamafunika wina woona, wina wolemba, dzina la wochitayo, tsiku, nthawi, malo, ndi mkulu wosayina n'kuitumiza kumtunda. Chimodzi chikasowa, nkhani imathera m'mabwalo a mowa ndi pamaliro.

Kwa anthu a m'helikopita unyolo umenewu umaduka pafupifupi nthawi zonse, ndipo ndaganizira kwambiri chifukwa chake. Amene aona zonse ndi asilikali apansi, a dziko lina, a chilankhulo china, okhala pansi pa mtsogoleri wina. Amene ali ndi mphamvu yolemba pempho ndi mkulu wa gulu la ndege, amene sanalipo. Ogwira ntchito m'ndegemo akafika amalemba nthawi yonyamuka, nthawi yotera, ovulala angati, mabowo angati, basi, ndipo munthu sadzilembera yekha kuti ndinachita chamuna. Wopulumutsidwayo amakhala atagona m'chipatala, kenako amatumizidwa kwawo. Miyezi ikapita magulu amasinthana, aliyense n'kubwerera kudziko lake. Ndipo ngati dzina lina lituluka, limakhala la woyendetsa, chifukwa ndiye amasayina mapepala a ulendo. Wa pachitseko amatsala wopanda nkhope, monga ndinamuonera ine.

Si ife tokha amene timachedwa. Pa 14 November 1965, pankhondo ya ku Ia Drang ku Vietnam, helikopita zonyamula ovulala zitakana kutera chifukwa cha kuchuluka kwa zipolopolo, woyendetsa helikopita wa ku America Ed Freeman anapitako maulendo 14 kukasiya zipolopolo ndi madzi n'kubwera ndi ovulala. Pempho la mendulo yapamwamba ya dziko lake linachedwa kupitirira nthawi yoikika, ndipo Medal of Honor anailandira mu 2001, patapita zaka pafupifupi 36. Mnzake Bruce Crandall, amene anali naye tsikulo, anailandira mu 2007. Koma amene amandikhudza kwambiri ndi Glenn Andreotta. Pa 16 March 1968 ku My Lai, ku Vietnam komweko, asilikali a America akupha anthu wamba a m'mudzi, woyendetsa helikopita Hugh Thompson anateretsa ndege yake pakati pa asilikaliwo ndi anthu othawa. Andreotta, amene anali woyang'anira ndegeyo, analowa m'ngalande yodzaza mitembo n'kutulutsamo mwana wamoyo. Patangopita masabata atatu anafa pankhondo. Mendulo yovomereza zimene anachitadi tsikulo, Soldier's Medal, inaperekedwa mu 1998 kwa Thompson ndi Lawrence Colburn, mnzawo wachitatu wa m'ndegemo, ndi kwa iye atagona m'manda zaka 30. Ndipo ndi mu 2024 pamene dziko la America linavomereza mendulo yagolide ya Congress, nyumba yawo ya malamulo, kwa anthu onse a Dustoff pamodzi, oyendetsa, achipatala ndi oyang'anira ndege omwe.

Ife Amalawi tili ndi chitsanzo chathu cha mmene zimayendera unyolo ukapanda kuduka. Mu November 2018, pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za ADF pafupi ndi Beni, pamene tinataya asilikali athu 6, Private Chancy Chitete anaona Kopolo Ali Khamis Omary wa ku Tanzania atawomberedwa, ali pamtetete. Anapita kukamukokera pobisika, ndipo iye mwini anawomberedwa akumuthandiza, n'kufa. Omary anakhala ndi moyo, nafotokoza zimene zinachitika. Mu May 2019 ku New York, António Guterres, amene anali mlembi wamkulu wa UN, anapereka kwa mkazi wa Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yapamwamba kwambiri pa kulimba mtima mu ntchito ya UN, imene inakhazikitsidwa mu 2014 pokumbukira msilikali wa ku Senegal amene anapulumutsa anthu ambiri ku Rwanda mu 1994. Chitete anali woyamba kuilandira pambuyo pa banja la Diagne. Apa panali wochita wodziwika dzina, mboni yamoyo, ndi anthu olemba nkhani ikadali yotentha. Kopolo wathu nkhani ya Chitete amaidziwa bwino, ndipo anandiuza kuti iye ndi Omary ngongole yawo ndi imodzi, kusiyana kwake n'kwakuti Omary akudziwa kwa mwini ngongole.

Zimene tinachita

Tinayamba ndi umboni wa Kopolo. Ndinamuuza kuti anene zokhazo zimene anaona ndi kumva, asakometse. Zinatitengera masiku atatu chifukwa ankati akafika pa machira ataima, mawu ankamuthera, n'kutuluka panja kukaima pafupi ndi nthochi. Kenako ndinalemba wanga. Tinafunafuna ena amene analipo ndipo tinapeza awiri: mmodzi akugwira ntchito yaulonda ku Luwinga, wina ali ku Zomba, amene anatumiza umboni wake pa WhatsApp, mawu ojambula, ine n'kuwalemba.

Maumboni anayiwo sanagwirizane pa zonse. Wa ku Zomba ananena kuti ndege inayesa kutera katatu, ife tikuti kawiri. Wa ku Luwinga ankakumbukira kuti anatsika anthu awiri, osati mmodzi. Kopolo anafuna kuti tiwakonze afanane. Ndinakana. Aliyense amene anawerengapo maumboni a pankhondo amadziwa kuti anthu anayi ogona chafufumimba m'malo osiyana saona chimodzimodzi, ndipo maumboni ofanana mpaka pa chilembo amanunkha upo. Pa mfundo zenizeni tonse tinali pamodzi: ndege inawomberedwa, inachoka, inabweranso, ndipo munthu anatsika n'kukoka machira.

Kalata yoyamba tinaitumiza ku ofesi imene tinkaona kuti ingatithandize. Panapita miyezi yambiri kuli zii, moti Kopolo anayamba kunena kuti mwina anthu ngati ife mapepala athu amangofera m'madirowa. Yankho litabwera linali lalifupi, koma funso lake linali loyenera: tipatseni nambala ya ndege, chizindikiro chimene inkaitanidwira pa wailesi, ndi nthawi yeniyeni.

Usiku umenewo ndinatsegula thumba langa lakale n'kutulutsa kabuku ka m'thumba kamene ndinali nako tsiku lija. Tsamba lake lili ndi madontho abulauni. Ndinalembamo nthawi ya tourniquet woyamba ndi wachiwiri, kugunda kwa mtima maulendo anayi, mankhwala ndi mlingo wake, ngakhale madzi a diripi amene analowa. Za ndege palibe ngakhale liwu limodzi. Nambala inali pambali pake m'zilembo zikuluzikulu, mamita ochepa kuchokera pamaso panga. Woyankhula pa wailesi anali pafupi nane usiku wonse, ndipo kumufunsa chizindikiro chawo kukanatenga kanthawi kochepa. Titabwerera kumsasa ndikanatha kufunsa mayina, kapena kulemba mizere isanu kwa mtsogoleri wathu kuti atumize kwa mkulu wawo. Sindinachite. Maganizo anga onse anali pa wodwala, ndipo wodwala atapita ndinaona ngati ntchito yatha. Pamene unyolo unadukira ndi pamenepa, m'manja mwanga, ndipo ndinamuuza Kopolo choncho maso ndi maso.

Chimene chinatitsegulira njira ndi pepala lija lotulukira m'chipatala. Pakona, pamene inki inatsala pang'ono kutha, pali tsiku ndi nthawi imene analandiridwa. Ulendo uliwonse wa ndege umalembedwa, ndipo helikopita yobweretsa ovulala atatu pachipatala chimenecho, tsiku limenelo, nthawi imeneyo, ili ndi mabowo a zipolopolo, siingakhale yovuta kuipeza kwa munthu amene ali ndi mabuku ake. Tinajambulitsa pepalalo m'tauni, ndinaphatikizapo tsamba la m'kabuku kanga, ndipo tinalemba kalata yachiwiri m'Chingerezi, yopempha zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, maumboni athu afike kwa akuluakulu a anthuwo kuti iwo aone ngati pali choyenera kuchita. Chachiwiri, ngati za mendulo nthawi yake inadutsa, kalata ya Kopolo yokha iperekedwe m'manja mwa anthuwo. Ndinaumirira kuti tilekanitse ziwirizi, chifukwa mendulo ili ndi malamulo ake ndi nthawi yake, pamene zikomo alibe.

Mmene Kopolo alili

Mbali iyi ndailemba iye ndi mkazi wake atavomera. Mlamu anandikokera pambali tsiku lina nditapita kwawo, nandiuza kuti bambo a m'nyumba sagona. Ankadzidzimuka usiku, thukuta lili chuchuchu, akufunafuna mwendo ndi manja. Helikopita ikadutsa pamwamba pa mzinda, zimene sizichitika kawirikawiri kuno, ankasiya chilichonse n'kutuluka panja, n'kuima mpaka phokoso lithe, kenako tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Maloto ake sanali a chipolopolo. Anali a machira ataima pakati pa munda, munthu osatsika.

Izi si zachilendo kwa munthu amene anaona imfa pafupi, ndipo si ufiti kapena kufooka. Ndinamuuza mosabisa kuti kalata siichiritsa zimenezi, ndipo ndinamuperekeza kwa alangizi a za maganizo ku St John of God kuno ku Mzuzu. Akupitabe. Koma ndinaonanso kuti kufotokoza nkhaniyo mwadongosolo, kuyambira poyamba mpaka pamapeto, ndi kumva anzake atatu akuitsimikizira, kunamuchotsera katundu wina. Kwa zaka zonsezi ankakayika ngati munthu wa mikanda uja analikodi kapena anali maloto a munthu wotaya magazi. Wa ku Luwinga atanena kuti nayenso anamuona akukoka machira, Kopolo anaweramitsa mutu, misozi ikugwera pa thalauza. Mlamu akuti masiku ano amagona mpaka tambala woyamba.

Anyamata a ntchito yanga yakale amabwera kudzandiona nthawi zina, ena akukonzekera ulendo wakunja. Za tourniquet amazidziwa kuposa ine, zida zawo n'zatsopano. Chimene ndimawawonjezera n'chakuti pansi pa tsamba la wovulala aliyense azisiya mizere itatu: nambala ya ndege, chizindikiro chake pa wailesi, ndi chimene anthu ake achita. Azilemba usiku womwewo, asanasambe m'manja ngati n'kotheka, ndipo m'mawa azikapereka kwa mtsogoleri. Mmodzi anandifunsa kuti, "Nanga madala, akangobwera n'kunyamula popanda chachilendo?" Ndinamuuza kuti alembebe, chifukwa chachilendo nthawi zambiri umachizindikira patapita zaka.

Kalata yachiwiri inapita miyezi inayi yapitayo. Tinalandira uthenga wakuti yafika ndipo yatumizidwa kwa oyenera. Kopolo amadutsa kwathu Loweruka lililonse akuchokera kumsika, amaima pageti n'kufunsa, "A Sajeni, kuli chiyani?" Ndikamuuza kuti sikunabwere kanthu, amagwedeza mutu n'kulowa kudzamwa tiyi. Sabata yatha anabwera ndi kachibangili ka mikanda yofiira ndi yoyera kamene mwana wake wamkazi anamulukira, ndipo wakaika mu envulopu yakhaki ija pamodzi ndi kope la kalata, kudikira adiresi.